Ndani ali ndi ufulu wosonkha moto ku Thyolo?

Tiyi aliyense amene munamwapo anapsa kawiri. Kachiwiriko mukukadziwa, ndi kaja ka pa mbaula kapena m'ketulo ya magetsi kunyumba kwanu. Koyamba ndi kufakitale. Masamba akathyoledwa kumunda amayalidwa kuti afote, kenako amadulidwa ndi makina, n'kusiyidwa kanthawi kuti asinthe mtundu kuchoka kobiriwira kufika kofiirira, ndipo pomaliza amaumitsidwa ndi mpweya wotentha kwambiri. Kutentha kumeneko sikuchokera ku mawaya a ESCOM ayi. Kumachokera ku boyila, ndipo boyilayo imadya nkhuni. N'chifukwa chake mukanyamuka ku Limbe, n'kudutsa pa Bvumbwe kulowera ku Thyolo boma mpaka kukafika ku Makwasa, maso anu amangosinthanitsa zinthu ziwiri: tiyi wometedwa bwinobwino ngati kapeti, ndi mizere ya bulugamu. Bulugamuyo sanamubzalire kukongoletsa malo. Ndi mafuta a fakitale.

M'malipoti a makampani ndi mabungwe, nkhuni zimenezi zili ndi dzina laulemu. Amati ndi mphamvu yobwezeretseka, ya m'gulu limodzi ndi dzuwa, mphepo ndi madzi. Ndipo sakunama. Bulugamu, amene kwawo kwenikweni ndi ku Australia, amakula msanga, ukamudula amaphukiranso pachitsa, ndipo mpweya woipa umene watuluka pa chumuni lero, mphukira zija zidzaumwanso pamene zikukula. Mukayerekeza ndi fakitale yoyendera malasha kapena dizilo, iyi ndiye yabwino, palibe kutsutsa.

Tsopano tengani nthambi ya bulugamu yemweyo, muyiike pankhata pamutu pa mayi wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti. Dzina lasintha pomwepo. Mlonda akuti ndi kuba. A zankhalango akuti ndi kuwononga chilengedwe. Wa bungwe amene wabwera pa galimoto yoyera akuti ndi kusadziwa, mayiyu akufunika maphunziro a masiku atatu ndi tisheti. Mtengo ndi womwewo, moto ndi womwewo, utsi ndi womwewo. Ndiye n'chiyani chimene chikuyeretsa moto wina n'kudetsa unzake?

Yankho la msangamsanga ndi loti kampani imadula zimene inabzala yokha, pamalo ake, ndipo imabzalanso, pamene mayi uja akutenga za eni ndipo sabzala. Yankho limeneli sindikulikana. Koma taliyang'anitsitsani. Kuti munthu abzale bulugamu wa nkhuni afunika zinthu ziwiri: malo amene sakuwafuna chaka chino, ndi mimba yotha kudikira zaka 7 kapena kuposerapo. Kampani ili nazo zonse. Ikhoza kugawa nkhalango yake m'zigawo, chaka chino n'kudula ichi, chaka chamawa icho, pomafika kothera n'kuti choyamba chija chitakulanso. Kubwezeretseka kumene tikukutamandaku ndi masamu a munthu wa malo ambiri basi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo. Ndiye kuti pa sikweya kilomita iliyonse pali anthu oposa 400, ndipo powerengera pamenepo aphatikizamo ndi malo a ma esiteti omwe, kumene okhalako ndi ochepa. Chotsanipo minda ya tiyi, ya makademiya ndi ya bulugamu, muone mmene anthu apanikizirana pa kotsalako. Si zachilendo kupeza banja la anthu asanu likudalira kamunda kosakwana ekala imodzi. Pamenepo pakhale chimanga, nandolo, chinangwa, mbatata, nthochi zimene zinapulumuka ku chisaka, nyumba ndi chimbudzi. Bulugamu mumuika pati? Komanso aliyense amene analimapo pafupi naye amadziwa kuti bulugamu ndi mnansi woipa. Amamwa madzi osasiyirako anzake, chimanga cha m'mbali mwake chimangopinimbira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anangoiwala kuwonjezera kuti kudekhako kumafuna kuti m'mimba mukhale kanthu.

Apa funso limabwerera m'mbuyo lokha: malowa anagawika bwanji kuti wina athe kudikira, wina ayi? M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston, amene ankalamula dziko lino m'malo mwa Britain, anapereka kwa azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene ankati anagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti ndi awodi. Zambiri mwa zikalatazo zinali ndi mawu oti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe, koma mawuwo anathera papepala. Alhomwe ambiri amene ankathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique analandiridwa pa ma esiteti, koma mwa pangano la thangata: ukhale pano, ugwire ntchito m'malo mwa lendi. Liwu limene kale linkatanthauza kuthandizana kumunda linasanduka dzina la goli, mpaka thangata anathetsedwa mu 1962. Mu Ogasiti 1953, zipolowe zimene zinaphetsa anthu 11 zinayambira pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza, pa nkhani ya anthu amene ankawaganizira kuti aba malalanje. Mu 2016 gulu la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, linayesa kulowa m'malo a esiteti ya Conforzi, iye n'kumangidwa. Kukangana kuti wakuba ndani, waba cha ndani, kuno sikunayambe ndi nkhuni.

Kusukulu tinawerengapo za John Locke, Mngelezi wa m'zaka za m'ma 1600, amene ankati chinthu cha m'chilengedwe chimasanduka chako ukachithira thukuta lako, bola anzako uwasiyireko zokwanira komanso zabwino chimodzimodzi. Eni malo padziko lonse amakonda theka loyamba la mfundoyi. Koma ngakhale theka loyambalo likafika ku Thyolo limatembenuka n'kuluma mwini wake. Thukuta limene lili pa bulugamuyu ndi la ndani? Anakumba mayenje ndani, anabzala mbande ndani, amalambula ndi kuzimitsa moto wolusa mwezi wa Okutobala ndani? Mudzati anthuwo analipidwa, ndipo wolipidwa wagulitsa thukuta lake. Chabwino. Koma theka lachiwiri lija, la kusiyirako anzako zokwanira, aliyense amene anakwerapo kabaza kulowera kumidzi ya m'malire a ma esiteti akhoza kuyankha yekha.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pomwepa, oipa tawapeza, aliyense azipita kwawo. Koma pali phiri.

Phiri la Thyolo linali nkhalango yotetezedwa ndi boma, ya mitengo yachilengedwe ikuluikulu yosayoyola masamba chaka chonse. Anganga anga amati pansi pake masana ankaoneka ngati madzulo. M'zaka zotsatira 1994, demokalase itabwera ndipo mantha a nthawi ya chipani chimodzi atatha, anthu analowamo ndi nkhwangwa, macheka ndi makasu. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2000 gawo lalikulu linali litasanduka minda. Pali kambalame kamene asayansi anakatcha dzina la boma lathu, Thyolo alethe, kopezeka m'nkhalango zowerengeka za kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique basi. Lero alendo ofuna kukaona kuno amapita ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, chifukwa tizigawo ta nkhalango yachilengedwe timene tatsala tili m'kati mwa malire ake.

Izi sizikoma kulemba kwa munthu wobadwira mbali ino ya malire. Nkhalango imene tinkati ndi ya tonse inatha. Imene inali ndi mwini wake ndi mlonda ilipo. Amene amateteza ma esiteti akafika apa amapinda manja, n'kunena kuti mwaona, mukanapatsidwa malo onsewa bwenzi lero Thyolo ali mbee ngati bwalo la mpira. Ndipo ali ndi mphunzitsi wawo. Mu 1968 Garrett Hardin wa ku America analemba nkhani yotchuka yonena kuti chinthu cha aliyense chimatha ndithu, chifukwa phindu lodula mtengo limapita kwa wodulayo yekha, pamene vuto lake timagawana tonse. Mankhwala ake, iye anati, ndi awiri: chinthucho chikhale ndi mwini, kapena boma lichilondere ndi ndodo.

Koma ndikakhala pa minibasi ndimaona chinthu china chimene Hardin sakanatha kuchifotokoza. Pakati pa midzi yometedwa mpala, pamene ngakhale mango anayamba kudulidwa, mumapezeka kachitsamba ka mitengo yachilengedwe yaitali, yobiriwira, yosakhudzidwa. Mwana aliyense wa kuno akudziwa kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe waya, palibe mlonda wa yunifomu, palibe chikwangwani cha boma. Anthu ake ndi omwewo, njala yake ndi yomweyo, nkhwangwa ndi zomwezo zimene zinagwetsa phiri. Wina adzati ndi mantha a mizimu chabe. Mantha alipo, inde, koma palinso lamulo lodziwika kwa onse: amene angalowemo ndani, liti, ndi chilolezo cha ndani, ndipo wolakwa akaonekera pabwalo la amfumu, pamaso pa anthu amene adzamuike iye mwini m'manda momwemo. Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anathera moyo wake akusonyeza zomwezi m'maiko osiyanasiyana: kuti nkhalango, madambo ndi ngalande za madzi zimasungika kwa zaka mazanamazana ngati ozigwiritsa ntchito ndiwo anapanga malamulo ake, amadziwana, ndipo amatha kulangana.

Ndiye phiri lija silinali la tonse. Linali la boma. Anthu okhala m'tsinde mwake analibe liwu pa ilo, chimene ankalidziwira ndi kuthamangitsidwa. Tsiku limene ndodo inagwa, panalibe china chotsala choti chiwagwire dzanja. Chimene phiri la Thyolo likutiphunzitsa, mmene ndikuonera ine, n'chakuti nkhalango yosungidwa ndi mantha okha imakhala ndi moyo wofanana ndi wa manthawo. Ndipo amene amadalira alonda lero angachite bwino kuliganizira phirilo usiku.

Komabe sindikufuna kumusandutsa mngelo mayi wa mtolo uja, kapena bambo amene analima pa phiri. Nkhwangwa ya wosauka imadula chimodzimodzi. Ndipo pali munthu wachitatu amene pa mkangano wa esiteti ndi mudzi sitimutchula. Madzi a mvula ya ku Thyolo sapita ku Nkula kapena ku Tedzani. Ena amatsikira mu Nsuwadzi ndi Thuchila n'kulowa mu Ruo, amene amakathira mu Shire pa Chiromo. Ena amagwa ndi zitunda za kumadzulo n'kutsikira ku East Bank. Phiri likakhala lopanda mitengo, madziwo amatsika tsiku limodzi, atanyamula dothi, miyala ndi zitsa. Amene amawalandira ndi anthu a ku Makhanga ndi midzi ina ya kuchigwa, amene mu Januwale 2015 anazingidwa ndi madzi mbali zonse, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anawapezanso. Ambiri a iwo ndi osauka kuposa mayi wathu uja. Chifundo chimene chimangoona amene ali pafupi n'kuiwala wa kumunsi kwa mtsinje ndi chifundo cha diso limodzi.

Pamenepa ndi pamene anzanga ambiri amalowetsa sola, ngati kuti ndiye yankho la mafunso onse. Ndimawamvetsa. Dzuwa tili nalo lambiri, ndipo ntchito yachitikadi. Ku Salima kuli munda wa mapanelo wa mamegawati 60 umene unayamba kugwira ntchito mu 2021. Ku Golomoti kuli wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire ake. Pamene namondwe Ana anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa chaka chathunthu ndi miyezi, tonse tinaona kuopsa koika mazira onse mu mtsinje umodzi wa Shire. Kumidzi nako, timapanelo tolipira pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba tafika m'nyumba zimene mawaya akanatenga zaka makumi kuti afikeko. Mwana akuwerenga usiku popanda koloboyi, foni ikutchajidwa pakhomo m'malo moyenda makilomita atatu kupita pa tauni. Amene amanyoza zimenezi sanakhalepo mumdima.

Koma kuwala ndi kutentha ndi nyama ziwiri zosiyana. Kapanelo ka pakhomo kamatulutsa mawati 10, 20, kakakula 50. Mbale imodzi ya hotipuleti imafuna mawati 1,000 kapena kuposa. Adzukulu titasonkherana n'kuikira anganga sola, msuweni wanga anayatsa babu n'kufunsa monyadira kuti, "Anganga, mwaona kuwalako?" Iwo anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana mphika umene unali pamafuwa. "Ndaona, mdzukulu wanga, zikomo. Tsopano ndizitha kuona bwinobwino kuti nyemba sizinapse." Anaseka okha, ife n'kutsatira mochedwa.

Kalembera yemwe uja wa 2018 anapeza kuti mabanja oposa 95 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Imeneyi ndiye nkhani yeniyeni ya mphamvu ku Malawi. Koma tamverani misonkhano, werengani mapulani, muone kumene ndalama zikulowera: mamegawati, mawaya, Mpatamanga, chingwe chochokera ku Mozambique. Zonsezo n'zofunika. Koma ndimadzifunsa kuti n'chifukwa chiyani vuto la magetsi timalitcha vuto la dziko, pamene vuto la moto wophikira timalitcha khalidwe loipa la anthu akumudzi. Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti magetsi akathima amavutika ndi bwana, pamene nkhuni zikasowa amayenda ndi mkazi.

Za makala ndiye zimaonetsa poyera. Munthu wa kumudzi kawirikawiri saphikira makala, amangowaotcha. Owadya ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ngakhalenso ku Namiwawa m'nyumba za mipanda, kumene thumba limakhala kuseri kudikira tsiku limene magetsi athima. Lamulo la nkhalango la 1997 limati wootcha makala akhale ndi chilolezo, ndipo litakonzedwanso mu 2020 zilango zake zinakwera. Amene amakumana ndi lamulolo pamsewu ndi mnyamata wokankha njinga yonyamula matumba atatu usiku wonse. Wogula uja, amene ndalama yake ndiyo inatuma nkhwangwa, amamva nkhani yake pa wailesi akudya nsima yophikidwa pa makala omwewo, n'kupukusa mutu kuti anthu akumudzi sakumva.

Kunja kwa dziko masewero ake ndi omwewo, kungoti bwalo lakula. Mmalawi mmodzi amatulutsa mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi malasha wokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pachaka. Munthu wa ku America amatulutsa matani oposa 13. Koma njira imodzi imene dziko lapansi lapeza yothetsera vutoli ndi yoti mayi wa ku Thyolo apatsidwe mbaula yosunga nkhuni, utsi umene wapulumutsawo uwerengedwe, ugulitsidwe ngati satifiketi kwa kampani ya ndege kapena ya mafuta, kuti iyo ipitirize kufuka ndi mtima woyera. Mbaulayo payokha ndi yabwino. Chitetezo mbaula, ya dothi ija, imaumbidwa ndi amayi a konkuno ndipo imachepetsadi nkhuni poyerekeza ndi mafuwa atatu. Koma mu 2024 ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley anapeza kuti masatifiketi ambiri a mbaula amawerengera utsi wopulumutsidwa wochuluka kangapo kuposa weniweni. Ndiye kuti pena amene wagula ufulu wofuka wagula mphepo, ndipo amene kudziletsa kwake kukugulitsidwa nthawi zambiri sadziwa n'komwe mtengo wake.

Pali mfundo yakale ya anthu oganiza za chabwino ndi choipa, imene ambiri amaimangiriza kwa Immanuel Kant, yoti sungamuuze munthu kuti "uyenera" pa chinthu chimene sangathe. Ife kwathu timangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi amene ana ake sanadye sangaphike ndi mtengo wa chaka cha 2032. Sindikunena kuti alibe mlandu uliwonse. Ndikunena kuti mlandu wa munthu umakula molingana ndi kukula kwa mpata umene anali nawo wosankha, ndipo pa anthu onse amene ndawatchula m'nkhani ino, iye ndi amene mpata wake ndi wochepetsetsa, chikhalirecho ndi amene timamulalikira kwambiri. Ulalikiwo ukanayenera kuyambira kumene kuli mpata: kwa wa pa malipiro a pamwezi amene angathe kugula silinda ya gasi koma amati makala ndiwo amakometsa nyemba, kwa boma limene linapereka chilolezo cha makala ovomerezeka ku Kawandama Hills ku Viphya koma njira yoti gulu la m'mudzi lipeze chilolezo chotero ndi yaitali ngati ya ku Joni wapansi, ndi kwa eni bulugamu.

A ku esiteti ali ndi yankho lawo, ndipo si lopusa. Adzati ife si boma. Timalipira msonkho, timabweretsa ndalama zakunja zimene dziko likulira usana ndi usiku, nthawi ya masamba ambiri tiyi amalemba ntchito anthu pafupifupi 50,000, ndipo mitengo ya tiyi pa okushoni ya ku Limbe si yoti n'kunyadira. Tikatsegula geti lero, pakutha pa chaka bulugamu watha, boyila yazima, fakitale yatsekedwa, ndipo woyamba kulira ndi mayi yemweyo, poti ndi iye amathyola masamba. Adzawonjezeranso kuti nthambi za tiyi wodulidwa zimene anthu amafuna kutola zimasiyidwa dala m'munda kuti ziwole, zibwezere chonde ndi kuteteza nthaka. Zonsezi n'zoona. Ine sindili m'gulu la amene amaganiza kuti kugawana minda ya tiyi mawa m'mawa kungathetse umphawi wa Thyolo. Anthu 720,000 ndi ambiri kuposa malo amene alipo, muwagawe mulimonse.

Koma pakati pa kutsegula geti kwa aliyense ndi kulanda nkhwangwa pali mtunda wautali. Ndili mwana ndinaonapo mlonda wa pa esiteti ina akumasula mtolo wa mayi wina n'kumulanda chikwanje, uku akumutchula kuti "alamu", poti analidi alamu ake. Madzulo a tsiku lomwelo mlondayo anadya nsima, ndipo sindikhulupirira kuti inaphikidwa ndi dzuwa. Dongosolo limene limaika anthu awiri a banja limodzi mbali ziwiri za mtolo umodzi, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zoposa 100, silingadzitche lokhazikika chifukwa choti mitengo yake imaphukira. Ngati liwu loti kubwezeretseka lili ndi tanthauzo, liyenera kuwerengera moto wonse umene umafunika kuti tiyi afike mu paketi, ndipo moto wa pansi pa mphika wa wothyola masamba ndi umodzi mwa iwo. Popanda nsima imeneyo palibe dzanja lofika pa tsamba. Kampani imene inawerengera mahekitala a bulugamu okwanira boyila yake, koma osawerengera a m'khitchini za antchito ake ndi midzi imene amachokera, yangokankhira gawo la ndalama zake za mafuta kwa phiri, kwa amayi, ndi kwa anthu a ku Makhanga.

Zotheka zilipo, ndipo zina ma esiteti ena anaziyamba kale, monga kugawa mbande ndi kuphikira antchito pa mbaula zikuluzikulu zosunga nkhuni. Bulugamu akadulidwa, boyila imafuna thunthu. Nsonga, nthambi ndi makungwa zikhoza kutoledwa pa masiku odziwika, mwa dongosolo limene midzi yapanga nawo, wophwanya n'kukaonekera kwa amfumu ake m'malo mwa kupolisi. Malo a m'mphepete amene sapindulitsa tiyi akhoza kukhala nkhalango za midzi, zoyendetsedwa ngati mmene timayendetsera kumanda. Zikhokhombe za makademiya zimayaka bwino kwambiri, ndipo chilichonse chimene chalowa mu boyila m'malo mwa chipika ndi chipika chimene chatsala. Ku Mulanje, mtsinje wa Lichenya ukupereka magetsi kumidzi ya ku Bondo kudzera ku MEGA, popanda kudikira mawaya a dziko lonse, pamene Lujeri yakhala ikudzipangira magetsi a madzi kwa zaka zambiri. Luso lokolola mphamvu m'mapiri a tiyi si lachilendo. Chimene chakhala chikusowa ndi kufunsa kuti mphamvuyo ithera pa geti kapena idutsa.

Ndipo ngati wina wa ku ofesi ya esiteti angawerenge izi n'kufunsa kuti tiyambire pati, ndingamuuze kuti ayang'ane kalendala ya moto wa m'mudzi. Kuyambira Meyi anthu amaphikira mapesi ndi zitsononkho. Nandolo akakololedwa, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, mitengo yake imasungidwa pakhonde mosamala ngati chimanga, ndipo m'nyumba zambiri ndiyo nkhuni zenizeni za chaka. Pofika Januwale zonsezo zatha. Mvula ili pakati, kanthambi kalikonse kakunyowa, ufa uli pansi pa thumba. Miyezi yomweyi ndi imene tiyi amaphuka kwambiri, boyila ikuyaka usana ndi usiku, ndipo wothyola masamba amaweruka mochedwa kuposa nthawi ina iliyonse, dzuwa loti akatolere nkhuni litapita kale. Masiku otola nthambi aja ayambe ndi Januwale, Febuluwale ndi Malichi.